Safunsa Adadya Phula: Mmene Alendo Adasakira Ofiri M'mabwinja a Zimbabwe

 Mwambi wathu wa lero ngodziwika kwa aliyense: safunsa adadya phula. Munthu uja adafika pamene anzake amafula njuchi, ndipo chifukwa cha manyazi kapena kudzikuza sadafune kufunsa kuti chodyedwa n'chiti. Adatafuna phula, uchi nausiya. Kawirikawiri mwambiwu timalangira ana, koma lero ndifuna ndikuonetseni kuti ngakhale anthu ophunzira kwambiri, okhala ndi mabuku, chuma ndi zipangizo, adatafunapo phula kwa zaka zambiri. Inenso ndidadyako nawo, ndipo ndiyamba ndi kuulula zimenezo.

M'masiku a Chitaganya, ndili mnyamata wa Sitandade 5, malume anga adabwerako ku Halale, kumene adakhala zaka zambiri akugwira ntchito mu mgodi wa ku Mashaba, kufupi ndi tauni ya Fort Victoria imene lero imatchedwa Masvingo. Usiku wina tikuotha moto adatisimbira za malinga aakulu a miyala amene adakawaona ndi maso awo, makoma aatali kuposa mtengo wa mango, omangidwa popanda dothi kapena simenti. "Anzanga Achikaranga adandiuza kuti adamanga ndi makolo awo," adatero malume. Ine, pofuna kuonetsa kuti fizi siinkapita pachabe, ndidati, "Pepani malume, kusukulu adatiuza kuti adamanga ndi anthu akutali, a m'nthawi ya Mfumu Solomo. Munthu wakuda sakadatha." Malume adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Chabwino mphwanga, wa sukulu ndiwe." Nkhani idathera pomwepo. Adamwalira ndisadadziwe kuti olondola adali iwo, ndipo zimene ndikulemba lerozi ndi ngongole imene ndidalephera kubweza iwo ali moyo.

Golide wa Mfumu Solomo

Buku Loyamba la Mafumu limasimba kuti zombo za Solomo ndi za Hiramu, mfumu ya ku Turo, zidapita ku dziko lotchedwa Ofiri ndi kubwerako ndi matalente 420 a golide. Limasimbanso za mfumu yaikazi ya ku Seba imene idadzacheza kwa Solomo itanyamula chuma chochuluka. Koma bukulo silinena kuti Ofiri adali kuti, ndipo mpata umenewu udadzaza mitima ya anthu ambiri ndi maloto.

Apwitikizi atakhazikika pa doko la Sofala m'zaka zoyambirira za m'ma 1500, adamva kwa amalonda Achiswahili kuti golide wa padokopo amachokera kumtunda, kumene kudali nyumba za mafumu zomangidwa ndi miyala. M'chaka cha 1552 João de Barros adalemba za linga lotere, ngakhale iye mwini sadalionepo. M'chaka cha 1609 wansembe João dos Santos adafalitsa ganizo lakuti dera limeneli mwina ndilo Ofiri. Kuyambira pamenepo nthano idamera mizu ku Ulaya: kwinakwake m'kati mwa Africa muli mzinda wotayika wa mtundu wa anthu anzeru amene adachokera kunja, nakumba golide, nazimirira.

Malo amene ankawalotawo alipodi. Ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kummwera chakum'mawa kwa Masvingo, ndipo amatenga mahekitala oposa 700. Pali makoma a paphiri, okhotakhota pakati pa matanthwe. Pali makoma a m'chigwa. Ndipo pali Linga Lalikulu, limene khoma lake lakunja limazungulira mamita pafupifupi 250, msinkhu wake n'kufika mamita 11 m'malo ena. M'kati mwake muli nsanja yamiyala yooneka ngati nkhokwe, yopanda khomo ndiponso yopanda chipinda. Eni dziko amatcha nyumba zotere dzimba dza mabwe, ndiko kuti nyumba za miyala, ndipo khutu la Mchewa likamva "mabwe" limakumbukira nsangalabwi za kumtsinje.

Munthu ndi pensulo yake

M'mwezi wa Seputembala, chaka cha 1871, Mjeremani wina wodziwa za miyala, Karl Mauch, adafika pa mabwinjawa. Sadawatulukire yekha: adamuperekeza ndi anthu a komweko, amene ankawadziwa malowo monga mmene inu mumadziwira njira ya kuchitsime. Iye mwini adalemba kuti anthuwo ankakwera phirilo kukapereka nsembe. Munthu wofunsa akadaima pamenepo nati, "Kodi anthu amathira nsembe pa bwinja la mlendo?" Koma Mauch adafika yankho lili kale m'thumba. Adabenthula kachidutswa ka mtanda wa pamwamba pa khomo, nakanunkhiza, naona kuti fungo ndi maonekedwe ake zikufanana ndi mtengo wa pensulo yake. Adatsimikiza kuti umenewu ndi mkungudza wa ku Lebanoni, ndipo kuti nyumbayo idali ya mfumu yaikazi ya ku Seba. Chikhalirecho mtengowo udali wa m'tchire la komweko, umene kumwera kuno ena amautcha tambootie.

Nthanoyo idakoma m'makutu a anthu a ku Ulaya. Buku la nthano la H. Rider Haggard lonena za migodi ya Mfumu Solomo, lotuluka mu 1885, lidaikolezera moto. Pamene kampani ya Cecil Rhodes idalanda dziko la Mashona mu 1890, nthanoyo idasanduka chida. Ngati kalekale kudabwera alendo oyera khungu kudzalamulira ndi kukumba golide, ndiye kuti alendo atsopanowa sakulanda kanthu, akungobwerera pa ntchito yakale. Taonani, adzukulu anga, mmene funso la mbiri limasandukira funso la minda.

Okumba amene adawononga

Mu 1891 Theodore Bent adatumidwa kukafukula malowa. Adapeza mapale a miphika, mikondo, makasu ndi zida zina zofanana ndi zimene Akaranga ankagwiritsa ntchito m'midzi yozungulira, komabe adalemba kuti omanga adali Afoinike kapena Aluya akale. Mbalame zosemedwa pa mwala wofewa, zimene zonse pamodzi zidapezeka zisanu ndi zitatu, zidayamba kutengedwa: yoyamba adaichotsa mlenje Willi Posselt mu 1889 naigulitsa kwa Rhodes, zina adatenga Bent. Mu 1895 padakhazikitsidwa kampani ya Rhodesia Ancient Ruins, imene ntchito yake idali kukumba mabwinja ena a m'dzikomo pofuna golide. Zokongoletsa zambiri zimene amisiri akale adasula zidasungunulidwa.

Choopsa koposa chidachitika pakati pa 1902 ndi 1904, pamene mtolankhani Richard Nicklin Hall adaikidwa kukhala woyang'anira malowa. Pokhulupirira kuti zotsalira za anthu akuda ndi zinyalala zimene zidakwirira ulemerero wa alendo akale, adalemba aganyu nakokolola dothi la m'kati mwa malinga, m'malo ena kuya koposa msinkhu wa munthu, nalitaya kunja. M'dothi limenelo ndimo mudali mbiri yeniyeni. Adachita ngati munthu wofuna chuma cha agogo ake amene amatentha makalata onse a m'bokosi kuti aone pansi pake.

Mbiri imakhala kudzala

Akuluakulu adatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tisanamize kuti alendo onse adali osafunsa. Mu 1905 kudabwera David Randall-MacIver, amene adaphunzira ntchito yofukula zakale ku Iguputo. Njira yake idali yosavuta kuimva. Mayi aliyense amadziwa kuti kudzala, phulusa la dzulo limakhala pamwamba, la chaka chatha pansi. Chomwechonso pa bwinja: wofukula amasenda dothi pang'onopang'ono, muyalo ndi muyalo, nalemba chilichonse pamalo pamene chapezeka. Randall-MacIver adaona kuti kuyambira pamwamba mpaka pansi zinthu zidali za Chiafirika: nyumba zozungulira zomata ndi dothi, miphika, zitsulo. Zinthu zakunja zimene zidalipo, monga mbale za ku China ndi ku Persia, zidali za m'zaka za m'ma 1300 ndi m'tsogolo mwake, zaka zoposa 2,000 Solomo atamwalira kale.

Atsamunda ambiri adakwiya, nati munthuyo adafulumira. Tsono mu 1929 kudatumidwa katswiri wina, mayi Gertrude Caton-Thompson, pamodzi ndi amayi anzake awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mayiyu adasankha malo a m'chigwa amene Hall sadawakhudze, nakumba mpaka pathanthwe. Adaboolanso kamsewu pansi pa nsanja ija, pamene ambiri ankati pali chuma chobisika, napeza kuti idangokhala pa dothi wamba. Adakweranso ndege kuti awaone mabwinjawo kuchokera m'mwamba, ndipo potero adazindikira njira yakale yokwerera phiri imene idakwiririka ndi tchire. Chaka chomwecho adauza msonkhano wa akatswiri ku Johannesburg kuti omanga adali anthu a mu Africa momwemo. Zindikirani kuti zimenezi zidanenedwa zaka makumi atatu ine ndisadatsutse malume anga. Choonadi chidalipo, koma chidali chisadaloledwe kulowa m'kalasi mwathu.

Makala ayamba kuchitira umboni

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Willard Libby wa ku Chicago adatulukira njira yoyezera zaka za zinthu zimene kale zidali zamoyo, ndipo adalandira nayo mphotho ya Nobel mu 1960. Imayenda motere. Chamoyo chilichonse, kaya mtengo, ng'ombe kapena munthu, chimalowetsa m'thupi mwake kanthu kotchedwa carbon-14 kuchokera mu mpweya ndi m'chakudya. Chikafa, kulowetsako kumatha, ndipo carbon-14 uja amayamba kuchepa pa liwiro losasintha: pakatha zaka pafupifupi 5,730 amatsala theka. Woyeza akaona kuchuluka kwa amene watsala m'khala la pamoto kapena m'fupa, amadziwa kuti mtengowo kapena nyamayo idafa liti.

Pano pali phunziro limene achinyamata okhulupirira makina ayenera kulimva. Mitengo yoyamba ya m'Linga Lalikulu imene idayezedwa m'zaka za m'ma 1950 idapereka zaka za pakati pa 500 ndi 800, zimene zidali zakale kwambiri kuposa zoona. Njirayo idali idakali yakhanda. Akatswiri sadagwadire makinawo. Adayezanso, nayerekeza ndi miphika, mikanda ndi mayalo a dothi, mpaka zonse zidagwirizana. Lero zadziwika kuti anthu adakhala paphiripo kuyambira kale, kuti mudziwo udakula kuyambira m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100, kuti makoma okongola koposa ndi a m'zaka za m'ma 1300, ndipo kuti m'zaka za m'ma 1400 mphamvu zidayamba kusamukira ku Khami kumadzulo ndi kwa Mwenemutapa kumpoto. Komatu ngakhale muyeso wolakwika uja udasiya Solomo kumbuyo ndi zaka zoposa 1,400.

Mu 1958 Roger Summers, Keith Robinson ndi Anthony Whitty adafukulanso mosamala. Whitty, amene adali katswiri wa zomangamanga, adaonetsa kuti makoma akale koposa ali ndi mizere yokhotakhota ya miyala yosalingana, pamene a pambuyo pake ali ndi mizere yowongoka ya miyala yosemedwa bwino. Mmisiri wochokera kunja amayamba ndi luso lathunthu. Awa adali anthu ophunzira ntchito pamalo pomwepo, mwana kuposa atate ake. Miyalayo idachokera m'mapiri ozungulira, amene matanthwe ake amasendeka okha m'magawo opyapyala, ndipo amisiri ankathandizira kuwang'amba posonkhapo moto.

Komabe boma la Ian Smith, limene lidadzilengeza lokha mu 1965, silidafune kuti zimenezi zinenedwe poyera m'mabuku a alendo ndi a sukulu. Peter Garlake, amene adali woyang'anira malo akale m'dzikomo, adakana kubisa zimene nthaka idanena, ndipo mu 1970 adachoka m'dzikomo. Patapita zaka khumi, pa 18 Epulo 1980, dziko lonselo lidatenga dzina la mabwinja omwewo, mbalame yamwala ija niikhala pa mbendera. Mbalame zina zidabwezedwa kuchokera ku South Africa mu 1981, chidutswa china kuchokera ku Germany mu 2003, ndipo UNESCO idaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1986.

Maso oona pansi pa tchire

M'zaka zaposachedwa mafunso asintha, chifukwa ofunsa ambiri tsopano ndi ana a dziko lomwelo. Funso lakuti "adamanga ndani" lidatha. Latsala lakuti "ankakhala bwanji". Shadreck Chirikure ndi anzake ayeza zotsalira za m'ng'anjo ndi timiphika tosungunuliramo zitsulo pogwiritsa ntchito maikulosikopu ndi makina osanthula zinthu, napeza kuti ntchito ya chitsulo, mkuwa ndi golide inkachitika m'makomo osiyanasiyana, osati kwa mfumu kokha. Mu 2017 adawerengeranso chiwerengero cha anthu a mumzindawo, nati mwina sichidapose 10,000 pa nthawi imodzi, pamene kale ena ankati chidayandikira 20,000. Mwana weniweni wa pakhomo sakuza nkhani ya makolo ake ndi bodza. Amainena monga ilili.

Chida china chatsopano ndi LiDAR. Ndege imauluka pamwamba pa dera, chipangizo chili m'menemo chikutumiza kuwala kwa laser pansi kambirimbiri pa sekondi imodzi ndi kuwerenga nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Kwina kumagunda masamba, kwina kumadutsa m'mipata mpaka kukafika panthaka. Kenaka kompyuta imachotsa mitengo ndi udzu pa chithunzicho, monga mmene lumo limaonetsera zipsera za pamutu, ndipo dzenje lililonse ndi kamtunda kalikonse zimaonekera. Innocent Pikirayi ndi anzake adagwiritsa ntchito njira imeneyi pofufuza maenje aakulu ozungulira mzindawo, amene kale ankangoti ndi mokumba dothi lomangira nyumba. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2022, zidaonetsa kuti maenjewo adakhala m'munsi mwa mapiri ndi m'njira za madzi, moti ankakolola madzi a mvula ndi a pansi, ndipo onse pamodzi akadatha kusunga malita oposa 18 miliyoni. Madzi saiwala khwawa, ndipo makolo aja adadziwa makwawa onse a dera lawo. Mauch adadutsa pambali pa maenje amenewa akufunafuna golide wa Solomo, osadziwa kuti nzeru yaikulu ya mzindawo idali pamenepo: kumwetsa anthu ndi ng'ombe zikwizikwi m'dziko la chilimwe chachitali.

Golideyo adalipodi, ndipo malonda ndi maiko akutali adalikodi. M'mabwinjawa mudapezeka mikanda yagalasi yodzera pa Nyanja ya India, mbale za ku China, ndi khobidi la mfumu ya ku Kilwa ya m'zaka za m'ma 1300. Koma kupezeka kwa wailesi ya ku Japan m'nyumba mwanga sikutanthauza kuti nyumbayo adamanga ndi Mjapani. Eni mzinda ankagulitsa golide ndi minyanga ya njovu, nagula nsalu ndi mikanda, iwo ali pampando wawo. Ndipo mzindawu sudali wokha: asadakule iwo kudali Mapungubwe m'mbali mwa Limpopo, ndipo malinga ang'onoang'ono a mtundu womwewo alipo oposa 200, kufikira ku Manyikeni m'dziko la Mozambique.

Nanga Ofiri? Phale lina lopezeka ku Tell Qasile, mu mzinda wa Tel Aviv, lili ndi malemba akale otchula golide wa ku Ofiri, kusonyeza kuti dzinali lidali lodziwikadi kwa amalonda a nthawi imeneyo. Akatswiri amatsutsanabe ngati dzikolo lidali ku Arabia, ku India kapena m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Chimene nthaka yatsimikiza n'chakuti silidali ku Masvingo.

Phunziro la kwathu

Keith Robinson yemwe uja adadzafukulanso kuno kwathu, ku Nkope m'mbali mwa nyanja, ndipo ntchito yake idathandiza kuyala mbiri ya miphika yakale ya m'dziko lino. Pambuyo pake mwana wa dziko lino, Yusuf Juwayeyi, adafunafuna Mankhamba, likulu lakale la Amaravi. Iye adatsata zimene mbiri ya pakamwa idasunga, nafukula kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, napeza miphika, zitsulo, mkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Buku lake lidatuluka mu 2020. Pamenepo khasu la katswiri ndi mawu a nkhalamba zidayendera limodzi, china chikuwongola chinzake. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Tsono adzukulu anga, mzinda wa Zimbabwe sudatayikepo. Anthu oyandikana nawo ankaudziwa dzina, ankauthirira nsembe, ankadyetsa ng'ombe m'mbali mwake. Chidatayika ndi khalidwe lofunsa eni malo ndi kukhulupirira kuti angathe kuyankha. Ndege, laser ndi kompyuta ndi zida zabwino, ndipo ndikufuna ena mwa inu mudzaziphunzire. Koma chida chimayankha funso limene mwini wake wafunsa. Mukadzapeza phale kapena mkanda polima m'munda, musaufukule mwachisawawa ngati Hall. Lembani malo ake, dziwitsani akuluakulu a m'mudzi ndi oyang'anira zinthu zakale. Ndipo agogo anu akayamba kusimba za kale, zimitsani kaye lamya zanu, mufunse mayina a mitsinje, a mafumu ndi a mabwinja, mulembe. Ine ndidali ndi mboni yoona ndi maso pamoto pathu pomwe, ndipo ndidaitseka pakamwa ndi buku la kusukulu. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma kukoma kwake kumawawa ngati mwini mawu adapita kale.

Ndatha ine agogo anu. Khalani bwino mpaka tidzachezenso.